Kusefa Zimene Mukufufuza pa Intaneti: Mawu Oika ndi Mawu Ochotsa

Zimandimvetsa chisoni ndikaona munthu akulemba liwu limodzi m'kabokosi ka Google, n'kuyang'ana mizere itatu yoyambirira, kenako n'kunena kuti, "Palibe, sizili pa intaneti." Kawirikawiri zimakhala zilipo ndithu. Zimangokhala zitakwiririka ndi mulu wa masamba ena amene ali ndi liwu lomwelo koma akukamba nkhani ina. Chofunika n'kufukula, ndipo zida zake n'zochepa: kuwonjezera mawu, kutsekera mawu m'mitengero, ndi kuchotsa mawu. Munthu angaziphunzire madzulo amodzi okha.

Tisanayambe, dziwani kaye chinthu chimodzi. Mukadina batani lofufuzira, Google kapena Bing sayamba nthawi yomweyo kuyendayenda pa intaneti kukufunirani yankho. Anayenda kale. Ali ndi mapulogalamu amene amayendera masamba usana ndi usiku, n'kumasunga mawu a tsamba lililonse mumndandanda waukulu kwabasi. Inu mukalemba, makinawo amangoyang'ana mumndandandamo kuti aone masamba amene akugwirizana ndi mawu anu. M'zaka zapitazi Google yakhala ikuwaphunzitsa makinawa kuti aziyesa kumva tanthauzo la funso lonse: mu 2013 inabweretsa njira yotchedwa Hummingbird, mu 2015 RankBrain, mu 2019 BERT. Izi zimathandiza, koma zinabwera ndi vuto lake. Makinawo masiku ano amadzipatsa ufulu wosintha mawu anu ndi ena ofanana nawo, ngakhalenso kutaya liwu limene akuliona ngati losafunika. Njira zili m'munsimu ndi zobwezera ulamuliro m'manja mwanu.

Choyamba: sankhani mawu olemera

Nenani mumtima chimene mukufuna, chiganizo chathunthu. Mwachitsanzo: "Batire la foni yanga likutha msanga chikhalirecho ndinalowetsa pulogalamu yatsopano yoyendetsera foniyo." Tsopano tolanimo mawu amene anyamula nkhaniyo. Ndi batire, kutha msanga, dzina ndi mtundu wa foniyo, ndi pulogalamu yatsopanoyo. Mawu ngati "yanga" ndi "chikhalirecho" asiyeni.

Kenako dzifunseni funso limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa zizindikiro zonse zimene tikambe: munthu amene analemba yankho la funso langa, analemba ndi mawu otani? Inu mumati "foni yafa," koma katswiri wolemba malangizo sanalembe choncho. Inu mumati "mutu ukundiwaza mbali imodzi," koma dokotala analemba dzina la nthendayo. Makina amalumikiza mawu anu ndi mawu a wolembayo, ndiye yesetsani kulankhula ngati iyeyo. Ngati mukudziwa kuti nkhaniyo inalembedwa kwambiri m'Chingerezi kapena m'chinenero china, fufuzani m'chinenero chimenecho, ngakhale mutangodziwa mawu atatu okha.

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono musavutike nazo. Kwa Google, London ndi london n'chimodzimodzi.

Chachiwiri: ulendo woyamba ndi wokazonda chabe

Lembani mawu awiri kapena atatu, dinani, koma musathamangire kutsegula tsamba loyamba. Werengani mitu ya zotsatira zonse za patsamba loyambalo pamodzi ndi timizere tili pansi pake. Mukufuna zinthu ziwiri: mawu amene akubwerabwera m'zotsatira zabwino, ndi mawu amene akubwerabwera m'zotsatira zosafunika. Oyambawo muwawonjezera. Achiwiriwo mwina muwachotsa. Ambiri amalumpha sitepe iyi, n'chifukwa chake amachotsa mawu mongoganizira.

Chachitatu: wonjezerani musanachotse

Tiyerekeze kuti mwana wasukulu wapatsidwa ntchito yolemba za nsato. Wamva kuti m'Chingerezi njokayi imatchedwa python, ndiye walemba liwu limenelo. Chimene chimudzadzire ndi masamba a chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Njoka sikuonekanso.

Angathe kuyamba kuchotsa mawu okhudza makompyuta, limodzilimodzi. Koma mawu amenewo ndi ochuluka, sangawamalize. Njira yachidule n'kuwonjezera liwu limene limayenda ndi njoka basi:

python snake

Pomwepo zinthu zasintha. Akawerenga zotsatirazo apeza kuti mtundu wina wa nsato za mu Africa uli ndi dzina lasayansi lakuti Python sebae. Dzina limenelo ndi chuma. Akalilemba, masamba a makompyuta atha okha popanda kuchotsa kanthu, ndipo amene atsale ndi olembedwa ndi anthu odziwadi za njoka.

N'chimodzimodzi ndi Amazon. Mukufuna mtsinje wa ku South America, koma mukungoona kampani yogulitsa katundu. Wonjezerani "river" kapena "Brazil." Ngakhale mawu athu omwe ali ndi vuto lomweli. Lembani "moto" yekha, muona mafoni a Motorola ndi njinga zamoto, poti m'Chifalansa ndi m'Chisipanishi liwuli limatanthauza njinga yamoto. Lembani "kamba" muona nkhani za mtundu wa anthu a ku Kenya, osati kanyama kachigoba kaja. Koma mukati "kuzimitsa moto" kapena "chigoba cha kamba," liwu lowonjezeralo lauza makina chinenero ndi tanthauzo lomwe.

Dzina lasayansi, nambala ya mtundu wa chipangizo, dzina la lamulo, chaka, uthenga weniweni umene kompyuta yalemba itakanika ntchito: awa ndi mawu amene amadula msanga. Liwu limodzi losowasowa limaposa mawu asanu opezeka paliponse.

Chachinayi: mitengero, pofuna kuti liwu lisasinthidwe

Nthawi zina mumalemba mawu anayi, koma pansi pa zotsatira zina mumaona liwu lanu limodzi litakhwatchidwa ndi mzere, kusonyeza kuti patsambalo palibe. Makina aganiza kuti mungakhutire popanda liwulo. Ngati ndi liwu limene simungalole kuti litayike, liikeni m'mitengero, zizindikiro zija timatsekera nazo mawu amene munthu walankhula:

batire "Galaxy A14" kutha msanga

Mitengero imachita zinthu ziwiri. Ikatsekera liwu limodzi, imauza makina kuti liwulo lipezeke monga mmene lalembedwera, osati lina lofanana nalo. Ikatsekera mawu angapo, imauza makina kuti mawuwo apezeke motsatizana, mundondomeko yomweyo. Choncho "nyanja yamchere" m'mitengero sibweretsa tsamba limene lili ndi "nyanja" pamwamba ndi "yamchere" pansi penipeni.

Pamene mitengero imagwira ntchito bwino kwambiri ndi pa mayina athunthu, pa uthenga wa vuto umene foni kapena kompyuta yaonetsa, ndi pofuna kudziwa kumene chiganizo china chinachokera. Munthu akakutumizirani mawu n'kunena kuti ananena ndi mtsogoleri wakutiwakuti, tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a pakati pa chiganizocho, muwatsekere m'mitengero, muone amene anayamba kulemba. Musatsekere chiganizo chonse. Chikatalika, kulakwitsa chilembo chimodzi chokha kumachititsa kuti pasapezeke kanthu. Ngati mwaiwala liwu lina la pakati, ikani kanyenyezi (*) pamalo pake mkati mwa mitengeromo, makina adzazamo okha.

Zinthu ziwiri zimasokoneza anthu pano. China n'chakuti Google salabadira zizindikiro zambiri za m'kalembedwe, ngakhale mkati mwa mitengero. Mpatuliro kapena mpumiro amangouona ngati mpata. China n'chakuti mumatha kutsegula tsamba n'kusawaona mawu anu aja. Musafulumire kunena kuti makina anama. Mawuwo akhoza kukhala m'malo osaonekera msanga, monga m'mawu ofotokoza chithunzi kapena mu adiresi ya tsambalo, kapenanso tsambalo linasinthidwa makina atadutsapo kale. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi, mulembe liwulo, likakhalapo lionekera. Pa foni, njira yofufuzira mkati mwa tsamba kawirikawiri imapezeka m'timadontho titatu ta pakona.

Amene anayamba kale kugwiritsa ntchito Google akukumbukira kuti chizindikiro chophatikizira (+) chinkakakamiza liwu kuti lipezeke. Chimenecho chinachotsedwa mu 2011, ndipo ntchito yake inapita kwa mitengero. Chaka chomwecho kunabwera batani lotchedwa Verbatim, limene limapezeka pansi pa Tools. Mukalisankha, Google amasiya kukonza kalembedwe kanu ndi kusintha mawu anu onse nthawi imodzi. Kwa ife ofufuza m'Chichewa batani limeneli ndi lothandiza kwambiri, chifukwa makina amakonda "kukonza" mawu athu kuti afanane ndi a Chingerezi.

Chachisanu: kuchotsa liwu

Apa ndiye pofunika kudekha. Chizindikiro chake ndi kamzere kakafupi kaja timachotsera nako pa masamu (-). Mumakalemba kutsogolo kwa liwu losafunikalo, mogundana nalo, koma musiye mpata pakati pa kamzereko ndi liwu la m'mbuyo mwake:

moto -motorola

Mukasiya mpata pakati pa kamzere ndi liwulo, sikagwira ntchito. Mukapanda kusiya mpata m'mbuyo mwake, makina amakaona ngati kamzere kolumikiza mawu, monga mu COVID-19, ndipo palibe chimene chichotsedwe. Pa foni onetsetsani bwino, chifukwa kiyibodi imakonda kuwonjezera mpata yokha kapena kutalikitsa kamzereko.

Mukhoza kuchotsa mawu angapo, lililonse ndi kamzere kake. Mukhozanso kuchotsa mawu otsatizana powatsekera m'mitengero, monga pofuna nyama yotchedwa jaguar osati magalimoto a kampani ya Jaguar Land Rover:

jaguar -"land rover"

ndiponso mukhoza kuchotsa webusaiti yathunthu imene ikukudzadzirani zotsatira:

maluwa a m'miphika -site:pinterest.com

Kalembedwe n'komweko. Chovuta ndi kusankha liwu loti lichotsedwe, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake. Kamzereka sikachotsa liwu. Kamachotsa tsamba lonse limene liwulo likupezekapo, ngakhale litapezeka kamodzi kokha, ngakhale pakona pamene pali zotsatsa malonda kapena mndandanda wa nkhani zina. Ndipo masamba amene achotsedwawo simuwaona, choncho simudziwa n'komwe kuti mwataya chiyani.

Ine zinandichitikira. Ndinkafufuza chifukwa chimene batire la laputopu linkathera msanga, ndipo zotsatira zinadzaza ndi ogulitsa mabatire. Ndinachotsa liwu la Chingerezi lotanthauza kugula. Ogulitsa aja anachokadi, koma yankho sindinalipeze, ndipo ndinataya nthawi yaitali. Nditabwezeretsa liwu lija, ndinapeza tsamba limene munthu wina anafotokoza bwinobwino vuto langa lenilenilo. Chiganizo chake choyamba chinali chochenjeza kuti musathamangire kugula batire latsopano. Liwu limodzi lomwelo ndi limene linandibisira yankho.

Chikhalirecho ndimatsata malamulo atatu. Loyamba, ndimachotsa liwu lokhalo limene ndaliona ndi maso anga m'zotsatira zosafunika, osati limene ndikungoliganizira. Lachiwiri, ndimasankha liwu limene ndi la gulu losafunikalo lokha. Dzina la kampani, dzina la timu ya mpira, dzina la webusaiti, awa ndi abwino kuchotsa, chifukwa tsamba lofotokoza za nyama sizichitikachitika kuti litchule dzina la kampani ya magalimoto. Koma mawu opezeka paliponse monga kugula, mtengo, nkhani, vidiyo kapena zaulere ndi oopsa, amachoka ndi zabwino zomwe. Pa liwu lakuti mtengo ndiye chenjerani kawiri: mukalichotsa pothawa ogulitsa, mwachotsanso tsamba lililonse lotchula mtengo wa m'nkhalango. Lachitatu, ndimachotsa liwu limodzi, n'kuona chimene chasintha, ndisanachotse lina.

Pali chinanso chokhudza chinenero chathu. Mawu athu amasintha maonekedwe kwambiri: kugulitsa, ogulitsa, tikugulitsa, zogulitsa, anagulitsa. Kwa ife ndi liwu limodzi, koma kwa makina ndi mawu asanu osiyana. Mukachotsa "kugulitsa," tsamba lolembedwa kuti "tikugulitsa" litsala. Musalimbane ndi kutchula maonekedwe onse. Funani dzina limene silisintha, kapena bwererani ku sitepe yachitatu mukawonjezere liwu lolondola.

Chomaliza pa nkhani ya kamzere, ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse. Musamagwiritse ntchito kamzereka pothawa zimene simukufuna kumva. Munthu akamafufuza za mankhwala ena kapena za bizinesi yolonjeza phindu lalikulu, n'kuchotsa mawu monga "kuopsa" kapena "chinyengo," ndiye kuti wadzitseka yekha m'maso. Pa nkhani za umoyo ndi za ndalama chitani zosiyana: wonjezerani dala mawu amenewo, muone zimene odandaula akunena.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene chinthu chili ndi mayina awiri

Lembani OR pakati pa mayinawo, ndi zilembo zazikulu. Mukalemba ndi zazing'ono, makina amangoliona ngati liwu wamba.

"chimfine" OR "fuluwenza" ana

Izi zimakulitsa ukonde m'malo mouchepetsa, ndipo n'zothandiza pa mawu amene anthu amalemba mosiyanasiyana, monga mawu ndi mau, kapena pa malo amene anasintha dzina, monga Mumbai ndi Bombay. Maganizo onsewa, oti ichi ndi icho, ichi kapena icho, ichi koma osati icho, anachokera kwa katswiri wa masamu wa ku England, George Boole, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1815 mpaka 1864, kale kwambiri kompyuta isanabwere. M'makompyuta a malaibulale ndi m'nkhokwe za kafukufuku mudzapeza mawu akuti AND, OR ndi NOT akugwirabe ntchito imeneyi.

Chachisanu ndi chiwiri: chepetsani malo ofufuzamo

Izi ndizingotchula mwachangu, poti sizivuta. Zonse zimalembedwa popanda mpata pambuyo pa timadontho tiwiri. Mukalemba site:who.int malaria mufufuza pa webusaiti ya bungwe loona za umoyo padziko lonse pokha. Mukawonjezera filetype:pdf mupeza malipoti ndi timabuku m'malo mwa masamba wamba. Mukalemba intitle: kutsogolo kwa liwu, mupeza masamba okhawo amene liwulo lili pamutu, kutanthauza kuti nkhaniyo ndi ya chinthucho, osati chongotchulidwa podutsa. Ndipo kuyambira mu 2019 Google amalola before: ndi after: posankha nthawi, monga after:2022 kapena before:2020-03-01, kuyamba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Zimenezi zimathandiza pamene nkhani yatsopano yakwirira yakale ya dzina lomwelo.

Tiyeni tiziike pamodzi

Tinene kuti mukufuna kudziwa zimene nyama yotchedwa jaguar imadya. Mwalemba jaguar, mwaona magalimoto ndi timu ya mpira wa ku America ya mumzinda wa Jacksonville. Mwawonjezera liwu la zakudya m'Chingerezi, mwati jaguar diet. Magalimoto achepa kwambiri. M'zotsatira mwaonamo dzina lasayansi, Panthera onca, ndiye mwalitsekera: "Panthera onca" diet. Tsopano zonse ndi za nyamayo, koma zambiri ndi zachidule, zolembera ana. Mwawonjezera filetype:pdf, mwayamba kuona zolemba za ofufuza. Mwina webusaiti ina yongosonkhanitsa zithunzi ikubwerabwerabe. Imeneyo ndiye mwaichotsa ndi -site: ndi adiresi yake. Onani kuti kamzere kabwera pamapeto, kamodzi kokha, pa chinthu chimene mwachiona kuti chikukusokonezani.

Zikavuta

Mukaona kuti zotsatira zachepa kwambiri kapena palibiretu, musafufute zonse n'kuyambiranso. Masulani chinthu chimodzichimodzi, kuyambira chimene munamanga pomaliza. Yambani ndi kubwezeretsa mawu ochotsedwa, kenako chotsani mitengero pa mawu aatali, kenako filetype: ndi site:. Pamene zotsatira zabwerera, pamenepo ndi pamene panali mfundo. Onaninso kalembedwe, chifukwa mkati mwa mitengero makina sakukonzerani. Ndipo musalembe ndime yathunthu m'kabokosimo: Google amawerenga mawu 32 oyambirira okha, otsalawo amawasiya.

Dziwaninso kuti makina ofufuzira samvera zizindikirozi mofanana. Bing amadziwa mitengero, kamzere ndi site:. DuckDuckGo amatenga kamzere ngati pempho loti zotsatira za liwulo zichepe, choncho lina likhoza kudutsabe. Ngati makina ena akukanirirani, yesani funso lomwelo pa ena. Mu Gmail namonso njirazi zimagwira: from: ndi dzina la wotumiza, has:attachment pofuna makalata okhala ndi mafayilo, ndi kamzere pochotsa makalata osafunika.

Ngati zizindikirozi zikukuvutani kukumbukira, tsegulani tsamba la Google lotchedwa Advanced Search, pa adiresi ya google.com/advanced_search. Pamenepo pali mabokosi osiyana: lina la mawu onse oti apezeke, lina la mawu otsatizana, lina la lililonse mwa mawu angapo, lina la mawu oti asapezeke. Dzazani mabokosiwo, dinani, kenako muyang'ane m'kabokosi ka pamwamba pa zotsatira. Mupeza kuti Google walemba yekha funso lanu ndi mitengero, OR ndi timizere m'malo mwake, ndipo mukhoza kulikonza pomwepo kapena kulikopera kuti mudzaligwiritsenso ntchito tsiku lina.